Dzino la Mzee Pazi

Mzee Pazi ankamva ndi dzino. Makutu anali nawo ndithu, awiri, aakulu ngati zivundikiro za mapoto, koma makutuwo anasiya ntchito ine ndisanabadwe, tsiku limene tayala la lole linawaphulikira pafupi ku doko. Chimene chinkamva m'thupi lawo lonse chinali dzino limodzi la m'mwamba, chakumanzere, lalitali, lachikasu ngati chimanga cha mbewu. Anzake a dzinolo anapita limodzilimodzi: ena ndi nzimbe, ena ndi zotsekera mabotolo, lina akuti linatsalira pamkono pa wakuba mabatire. Ilo linakana. Linatsala lokha m'kamwamo ngati mlonda wa kampani yotsekedwa.

Ine ndine Nyamizi, mwana wa mayi amene amakazinga zitumbuwa za mpunga pachipata cha magalaja kuno ku Tabata. Mayeso a Fomu Folo ndinalemba chaka chatha, ndipo za zotsatira tisakambe pano. Amayi amati ndimangozungulira ngati nkhuku yosowa poikira. Chabwino, koma kuzungulirako n'kumene kunandionetsa zonsezi ndi maso anga, ndipo mumsewu mwathu mulibe wina angazifotokoze bwino. Ena amawonjezera mchere, ena amaiwala pakati.

Mzee anali makanika, ndipo chida chawo chinali sikuludiraiva yaitali ngati mkono, ya chigwiriro chamtengo. Nsonga ankaikhazika pa injini, chigwiriro n'kuchiluma, maso n'kutsinzina. Phokoso linkakwera m'chitsulomo, kulowa m'dzino, mpaka m'mutu.

"Khutu limamva mabodza a mwini galimoto!" ankatero mokuwa, poti munthu wosamva sadziwa kukula kwa mawu ake. "Dzino limamva galimoto yeniyeniyo!"

Sikuludiraiva yomweyo inalinso foni yawo. Zing'onozing'ono ankawerenga pamilomo, ndipo ankawerenga molakwika. Ukawapatsa moni wa akuluakulu woti, "Shikamoo, Mzee," ankayankha kuti, "Ndilibe, ubwere Lachisanu." Nkhani ikakhala yofunika, woyankhulayo ankakhazika nsonga ija pachibwano chake, iwo n'kuluma, mawu n'kufika bwinobwino. Amene ankagwiritsa ntchito foniyi kuposa wina aliyense anali akazi awo, Bi Siwazuri, mayi wamfupi, wa mawu ngati mluzu wa kondakitala.

"Lumani!"

"Dzino latopa lero, mkazi wanga."

"Lumani, ndikuuzeni za denga lija likudonthera pamphasa panga."

"Likupumula, ndati! Lamva magalimoto tsiku lonse!"

Mzee ankadzitama kuti mu Dar es Salaam monse iwo okha ndiwo anali ndi mkazi wokhala ndi pozimitsira. Koma madzulo alionse, akachoka ku swala ku mzikiti, ankakhala awiriwiri pakhonde, iwo ataluma, Bi Siwazuri nsonga ili pachibwano, akuwafotokozera za kukwera mtengo kwa nsomba ndi za mwana wa uje amene wabwera ndi mwamuna wovala ndolo. Mzee ankaseka ndi mapewa okha, kuopa kugwetsa foni.

Nthenda ya magalimoto imene ankaikonda inali ya viviti. Tigalimoto tonse iti ta kaunjika, tobwera pasitima, tili nako kanthu kameneka, ndipo Mzee ankakafotokoza kwa aliyense, ngakhale wodzangofunsa njira. Injini ili ndi tizitseko tolowetsa mpweya, amati mavalavu. Pali kagiya kamene kamasankha kuti tizitsekoto titseguke msanga kapena mochedwerapo, malinga ndi mmene mwapondera moto. Kagiyako sikasuntha ndi china koma oyilo, ndipo oyiloyo amakafikako podzera pa kasefa kochepa ngati chala cha khanda, ndi pa kampopi kamagetsi kotchedwa solonoidi.

"Kagiya ndi mlonda wa pakhomo!" ankakalipira madalaivala. "Oyilo ndi tiyi wake! Inu mlonda mukumumwetsa matope chaka chathunthu, ndiye mukudabwa kuti akutsegula chitseko alendo atabwerera?"

Galimoto ya nthenda imeneyi imanjenjemera ikaima ngati yagwidwa malungo, imamwa petulo ngati mlamu pa ukwati, ndipo pamtunda imapitiriridwa ndi njinga ya ayisikilimu. Bi Siwazuri nthendayi ankaitcha mkazi mnzawo. "Kodi lero Bi Viviti akusiyirani nthawi yosamba?"

Vuto linali lakuti chizindikiro chenicheni chimamveka kamodzi kokha patsiku: kaphokoso ka krrr, injini ikamalizidwa koyamba m'mawa, ili yozizira, oyilo asanakwere. N'kakafupi kuposa kuyetsemula. Mukakaphonya, bwerani mawa. Choncho Mzee akakweza dzanja m'mawa, msewu wonse unkati zii. Owotcherera zitsulo ankazimitsa makina. A bodaboda ankatsika n'kumakankha njinga zawo zamoto. Amayi anga ankaphula chiwaya kuti mafuta asalire. Panali tambala wina amene sankamva malamulo, tambalayo tinamudya.

Amene ankatsutsa za chete ameneyu anali Erasto Massawe, makanika wa galaja loyandikana ndi la Mzee, amene amayeza magalimoto ndi kakompyuta kolumikiza pansi pa chiwongolero. Tsiku lina anakhazika nsonga pachibwano chake n'kufunsa.

"Babu, phokoso lathu likukuvutani pati, poti simumva?"

"Limadzera pansi! Kulowa m'matayala, kukwera m'dzino!"

"Nanga mumadziwa bwanji kuti wina wayankhula kumbuyo kwanu?"

"Ndikatembenuka amene akuoneka wolakwa ndi yemweyo. Kawirikawiri ndi iwe, Sekeretale!"

Ankamutcha Sekeretale chifukwa, amati, ntchito yake inali kulemba zimene galimoto yanena. Erasto ankawatcha Babu Dzino, kutanthauza Agogo Dzino. Ankanyozana kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, koma ankatumizirana magalimoto ngati anthu obwerekana mchere. Kakompyuta kankadziwa kunena kuti zitseko zikuchedwa, koma osati chifukwa chake. Dzino linkadziwa pamene phokoso likuchokera, koma za mawaya linali mbuli.

Ndipo dzinolo linkalakwitsa, ndisakunamizeni. Tsiku lina nsonga inatsetsereka n'kugunda pa waya wa moto wa mapulagi. Chipewa cha Mzee tinakachitola padenga. Iwo atadzuka anati amva malemu bambo awo akufunsa za mbuzi. Tsiku linanso analumbira kuti galimoto ya mphunzitsi wina yatha kagiya. Erasto atatsegula anapeza sipanala ikuvinavina pansi pa injini.

"Sipanala yanga!" anatero Mzee akuipsompsona. "Ndaifunafuna kuyambira Ramadhani! Mwaona? Dzino limadziwa katundu wa mwini wake."

Ndiye dzino lija linayamba kugwedera. Woyamba kuona ndinali ine, lembani zimenezo. Anali akuluma chitumbuwa cha amayi, ndipo ndinaona dzino likupita ndi chitumbuwa kenaka n'kubwerera lokha. Ndinathamanga kukauza Bi Siwazuri. Anawatengera kuchipatala, ndipo dokotala anati pali njira ziwiri: kulizula, kapena kulisiya mwamtendere, osalumanso chitsulo chilichonse chogwedezeka.

Bi Siwazuri anakhazikitsa boma latsopano tsiku lomwelo. Chakudya: phala, nthochi zakupsa kwambiri, ndi mkati mwa chitumbuwa, khungu lake ayi. Ogulitsa nzimbe ndi chimanga chootcha anauzidwa kuti akawaona Mzee aziyang'ana kumwamba. Sikuludiraiva inalandidwa, chigwiriro chinakulungidwa nsalu, ndipo inkatuluka madzulo okha, pakhonde.

"Dzino ili latsala ndi mawu owerengeka," anatero pamaso pa tonse, "ndipo mawuwo ndi anga. Bi Viviti akafune mwamuna wina."

Mzee sanagonje msanga. Tsiku lina anazemba, kukwera basi mpaka ku Buguruni, kumene ankati palibe akuwadziwa, n'kuloza chinangwa chokazinga chouma kwambiri. Wogulitsayo anawayang'ana pakamwa.

"Ndinu a dzino aja? Pepani, tinauzidwa kale."

Anabwerako ndi nthochi.

M'masiku omwewo Mkwatibwi anadwala. Mkwatibwi ndi kabasi koyera ka bungwe la msewu wathu, kamene kamanyamula akwati, odwala ndi maliro. Palibe banja pano limene silinaliremo kapena kululutiramo. Dalaivala wake ndi Shomvi, munthu wamtali amene amayankhula ndi galimotoyo mwaulemu kuposa mmene amayankhulira ndi apongozi ake. Mkwatibwi anayamba kunjenjemera, kanyali kachikasu kochenjeza kanayaka, ndipo pa ukwati wina anakanika mtunda mpaka akwati anatsika kukankha, mkwatibwi weniweni atakwinya diresi m'chiuno.

Erasto anachita zonse. Anasintha oyilo. Anatulutsa kasefa kali bii ngati phula, n'kukatsuka ndi petulo mpaka kuwala. Anagunditsa solonoidi pa batire, inati tha, tha, yamoyo ndithu. Kanyali kankazima madzulo, m'mawa n'kuyakanso, ndipo krrr anali pomwepo. Panatsala ziwiri: kagiya, kapena tcheni chimene chimazunguza kagiyako. Zonse zimalira mofanana, ndipo zimakhala moyandikana ngati mphuno ndi mlomo. Bungwe linati lingathe kugula chimodzi chokha. Akaphonya, Mkwatibwi apite kwa odula zitsulo.

Erasto anavula chipewa n'kupita pakhonde paja, kwa Bi Siwazuri.

"Amayi, ndabwera kudzabwereka dzino."

"Kabwereke la amako."

"Kamodzi kokha. Krrr mmodzi basi."

"Erasto, uli ndi mano odzadza m'kamwa ngati ng'ona. Kalume wekha."

"Ndayesa, amayi. Ndikungomva mutu."

Mzee sanamve mawu amenewa, koma anaona chipewa chili m'manja mwa Sekeretale, ndipo anadziwa. Kuyambira tsikulo anasiya phala. Ankadzuka m'mawa n'kukakhala pa tayala pafupi ndi Mkwatibwi, dzanja lili pa boneti, ngati munthu wodzazonda matenda amene waletsedwa kulowa m'wodi. Madzulo pakhonde ankaluma ndithu, koma mapewa sankagwedezekanso. Bi Siwazuri anafotokoza za mkazi wa uje amene anagwera mu ngalande atavala nsapato zobwereka, nkhani yoti ngakhale mtembo ungaseke. Mzee anangoti, "Oho."

M'mawa wina, tsiku limene odula zitsulo anati abwera kudzamuona Mkwatibwi, tinaona Bi Siwazuri akubwera ndi sikuludiraiva m'manja, atainyamula ngati mpeni wophera mbuzi. Anaima pamaso pa amuna awo.

"Ngati mtima wanu uli kwa mkazi mnzangayo, pitani. Koma muyambe mwamva ine. Lumani. Pang'onopang'ono!"

Mzee analuma. Msewu wonse unayandikira. Ine ndinali pafupi zedi, moti chigongono cha Bi Siwazuri chinandigunda pamphuno. Tinkati lero timva mawu achikondi a m'mafilimu.

"Zaka zonsezi," anatero Bi Siwazuri, "tiyi wanu ndimathira shuga sipuni imodzi, osati zitatu. Zinazo ndimangogogoda kapu kuti muone dzanja."

Maso a Mzee anatuluka.

"Popanda ine dzino limenelo likanapita kalekale ndi anzake. Ndiye musamati n'lanu."

Kenaka anatsitsa mawu n'kunena china chimene sitinamve. Mzee anaseka ndi mapewa, kwa nthawi yaitali, maso atanyowa. Ndakhala ndikuwafunsa Bi Siwazuri chimene ananena. Amandiyankha kuti ndikafune ntchito.

Bi Siwazuri anavula nsalu ija pachigwiriro ndi manja awo. Mzee anakhazika nsonga pamutu pa injini, pamwamba pa kagiya, n'kukweza dzanja. Zii. Amayi anaphula chiwaya. Mwana wina anafuna kulira, anamutseka ndi bere. Shomvi anapempherera kiyi, n'kuipotoza.

Krrr.

Mzee anaponya sikuludiraiva pansi n'kudumpha ngati mnyamata.

"Kagiya! Kachithulo kake kothekera kadyeka! Tcheni muthachikhudhe, n'chothalakwa!"

Tinayamba kuwomba m'manja, koma Bi Siwazuri sanawombe. Ankayang'ana pakamwa, poti mawuwo anatuluka opotoka. Mzee anapisa chala m'kamwa, kufufuza uku ndi uku. Munalibe kanthu. Mlonda anali atachoka pakampani.

Tinalifuna dzinolo mpaka dzuwa kufika pamutu. Tinasesa, tinasefa mchenga ndi sefa ya amayi, Shomvi analowa pansi pa galimoto n'kutulukira mbali ina ali ndi tindalama takale ndi sipuni. Wina anati alimeza, ndipo anapereka maganizo a mmene tingadikirire. Bi Siwazuri anamuyang'ana kamodzi, iye n'kukumbukira kuti ali ndi kopita. Silinapezeke.

Erasto anagula kagiya ka kaunjika, anamanga, ndipo Mkwatibwi anachira. Krrr anatha, kanyali kanazima, mtunda uja ankaukwera akuimba. Kungoti m'mawa uliwonse, injini ikangolira, penapake pansi pake pankamveka kanthu kamodzi kakang'ono: tiki. Kamodzi basi, ngati kamwala kagunda mbale.

Masiku otsatira sanali oseketsa. Mzee anayesa kuluma ndi nkhama, osamva kanthu. Madzulo ankakhalabe pakhonde, Bi Siwazuri sikuludiraiva ili pamiyendo, milomo ikuyenda, Mzee akuyang'ana milomoyo n'kumayankha zina. Bi Siwazuri akati, "Mwana wa Shomvi wamera mano," Mzee ankati, "Ayi, ndakhuta." Patapita masiku Bi Siwazuri anasiya kuyankhula. Mayi amene mawu awo ankafika ku siteji ya mabasi ankangosankha mpunga. Ngakhale a bodaboda ankachepetsa moto podutsa pamenepo.

Chinawapulumutsa ndi mkwiyo. Popeza panalibenso dzino loteteza, Mzee anaganiza zobweza shuga yense wa zaka zija. Bi Siwazuri anawapeza akuthira sipuni yosawerengeka m'kapu. Anaiwala zoti munthuyo samva. Anawagwira makutu aakulu aja ngati zigwiriro za poto, kugunditsa mphumi yawo pa mphumi ya Mzee, n'kukuwa kuti, "Mukufuna mundifere ndi shuga, nkhalamba yosamva inu?"

Mzee anadzidzimuka. "Othakuwa, mkadhi iwe! Ndili pompano!"

Onse awiri anaima chilili, mphumi zitagundana. Kenaka Bi Siwazuri anati pang'onopang'ono, "Mwamva?"

"Ndamva. Wati nkhalamba."

Fupa la mutu linkanyamula mawu ngati mmene linkachitira dzino. Zaka zonsezo panalibe anayesapo, poti ndani amagunditsana mitu ndi mkazi wake masana?

Kuyambira tsikulo msewu wathu unaona zimene sunaonepo: nkhalamba ziwiri pakhonde, mphumi pa mphumi ngati nkhunda, madzulo alionse. Akuluakulu ochokera ku mzikiti ankadutsa akuyang'ana mawaya a magetsi. Amayi anga ankati, "Nyamizi, usayang'ane," iwo akuyang'ana mpaka zitumbuwa kupserera. Erasto anabwera ndi nzeru yoti chigwiriro chija akhoza kumachikanikiza pamphumi, ntchito n'kuyambiranso.

"Bi Viviti anadya dzino, zimukwane," anatero Bi Siwazuri. "Mutuwu ndi wanga."

Tinadikira kuti Mzee akane. Iwo anangotola sikuludiraiva n'kumupatsa Erasto. "Tenga, Thekeretale. Foni yanga ina ili ndi mwini wake."

Mzee anamwalira nthawi ya mvula yaikulu, pakhonde pomwepo, madzulo. Bi Siwazuri akuti anali pakati pa nkhani ya nsomba, ndipo anapitiriza ndithu mpaka kumapeto. Anadabwa kuti mapewa sakugwedezeka pamalo oseketsa.

Mkwatibwi ndiye anawanyamula kupita kwawo ku Kisarawe. M'mawa umenewo anthu anali odzadza msewu, ena akulira, ena akukangana za malo okhala. Shomvi atagwira kiyi, palibe anakweza dzanja, koma tonse tinangoti zii tokha. Injini inalira bwinobwino. Tiki.

Tsopano Tabata ndi waphokoso kuyambira m'bandakucha. Matambala achuluka, ndipo ndi amwano. Magalimoto a viviti akubwerabe ndi oyilo wawo wamatope, koma palibe wowakalipira za mlonda ndi tiyi. Erasto amangowauza mtengo mwaulemu, ndipo madalaivala amachoka akuoneka ngati sanathandizidwe. Ndamuonapo kuseri kwa galaja ataluma sikuludiraiva ija, maso atatsinzina, kenaka n'kulavula. Ndikamufunsa amati amachotsa nyama m'mano.

Mwezi watha Erasto anauza Bi Siwazuri kuti akuganiza kuti wadziwa pamene pali tiki uja: pali kambale kachitsulo pansi pa injini, ndipo akhoza kukamasula n'kuwapatsa dzino lawo, akalikwirire kumene kuli mwini wake.

"Ukakhudza kambale kameneko," anatero Bi Siwazuri, "mano ako ndiwazula ndekha, limodzilimodzi."

M'mawa uliwonse Bi Siwazuri amatulukira ndi dengu lawo la kumsika, pa nthawi imene Shomvi amaliza Mkwatibwi. Amaima pambali pa boneti n'kukweza dzanja, ndipo owotcherera amazimitsa, a bodaboda amatsika, amayi amaphula chiwaya. Shomvi amapotoza kiyi. Tiki.

"Adzuka," amatero Bi Siwazuri, akukonza dengu pamutu. "Ndipo monga mwa masiku onse, za denga lija sakuyankha."